GUDUMU LIMODZI LIKUVINA, MPAMBA UKUWOLA M'BODI: Zoti mudziwe musanagule difu loko wa pikapu yanu

Ndi mwezi wa Januwale ndipo mvula yachezera usiku wonse. Mwanyamuka mu Lilongwe tambala woyamba asanalire, mwadutsa pa Lumbadzi, mwafika pa Mponela n'kukhotera kum'mawa, msewu wa ku Ntchisi. Kenaka mwasiya tara, mwalowa kamsewu ka kumudzi. Katundu mwapikula bwinobwino, mtengonso wabwino: madengu a tomato, matumba a kachewere, kabichi pamwamba. Ndalama yonse imene munakongola ku banki mkhonde ili m'bodi ya pikapu.

Pobwerera, mutangowoloka kakhwawa, pa chitunda choyamba penipeni, galimoto yakana. Injini ikubangula, utsi uli tolotolo, gudumu lakumanzere likuzungulira ngati chigayo, matope akuuluka m'mwamba. Koma taonani lakumanja: laponda pouma bwinobwino, chikhalirecho lili duu, ngati si la galimoto yomweyi.

Anyamata a m'mudzi atulukira ndi makasu. Mtengo wokankhira ukukwera limodzi ndi dzuwa. Mmene muzikafika mu msika n'kuti makasitomala atagula kale kwa anzanu, tomato wa pansi atasanduka supu.

Aliyense wa geni amene amaoda katundu ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi nkhaniyi akuidziwa. Kuyambira 1987, pamene boma linalola anthu wamba kugula mbewu kwa alimi m'malo mosiyira ADMARC yokha, pikapu yakale ndiyo yakhala bulu wa anthu a mumsika. Hilux, Hardbody, Isuzu KB, Land Cruiser yotopa, zonsezi zimakwera ku Nthondo, ku Malomo, ku Kamsonga, zimatsikira ku Mvera ndi ku Chezi, kukatenga soya, mtedza, nyemba ndi ndiwo zamasamba. Nthawi ya dzinja ndi pamene tomato amasowa m'tauni ndipo mtengo umakoma. Komatu paja walira mvula walira matope.

Matenda a gudumu limodzi lovinali ali ndi mankhwala ake. Dzina lake ku magalaja a ku Biwi ndi difu loko. Koma mankhwalawa ndi odula, ndipo mukamwa molakwika amapha. Tiyeni tikambirane musanatulutse khobidi.

Chimachitika n'chiyani mu difu?

Difu ndi chimpira chachitsulo chija chili pakati pa magudumu akumbuyo. Ntchito yake ndi yabwino zedi. Galimoto ikamakhota, gudumu lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lamkati, choncho liyenera kuzungulira mofulumirirapo. Timagiya ting'onoting'ono ta mkati mwa difu ndi timene timalola zimenezi. Popanda ito, matayala bwenzi akukhwekhwereza pa kona iliyonse.

Vuto ndi lakuti difu wamba ili ngati bambo wamitala amene analumbira kuti ndiwo azigawa mofanana zivute zitani. Mayi wamng'ono akadwala n'kumangotha supuni imodzi, nayenso mayi wamkulu, ngakhale ali ndi njala yotani, alandira supuni imodzi. Ndi mmene zilili ndi magudumu. Limene lili pa matope limafuna mphamvu pang'ono chabe kuti lizungulire, ndiye limene laponda pouma limalandiranso kamphamvu kochepa komweko, kosakwanira kusuntha galimoto. Mukaponda moto, mukungowonjezera liwiro la gudumu lovinalo, likukumba dzenje lanu lomwe.

Wina anena kuti, aaa, yanga ndi folo wilo, zimenezo sizindikhudza. Pepani achimwene. Mukaika folo wilo mwangolumikiza kutsogolo ndi kumbuyo, koma kutsogolo kuli difu yake, kumbuyo kuli difu yake, zonse zamitala. Mukadutsa mopingasa pa ngalande yokumbidwa ndi madzi, gudumu limodzi lakutsogolo ndi lina lakumbuyo la mbali inayo amatha kupepuka nthawi imodzi. Awiri akuvina, awiri ali duu, folo wilo yanu yaima ngati ngolo yopanda ng'ombe. Misewu ya m'mapiri a Ntchisi ndi kum'mawa kwa Dowa, yomwe madzi amaidula ngalande chaka ndi chaka, imachita zimenezi kawirikawiri.

Difu loko amamanga magudumu awiri akumbuyo kuti akhale ngati chitsulo chimodzi. Lina likazungulira, linzake lizunguliranso chimodzimodzi. Limene laponda polimba ndilo limakoka galimoto yonse n'kuitulutsa.

Yambani mwadziwa matenda

Safunsa anadya phula. Musanathamangire loko, kumbukirani mmene galimoto yanu imatitimirira, chifukwa kutitimira kulipo kwa mitundu itatu.

Koyamba ndi komwe tanenaku: gudumu limodzi likuvina, linzake lili chete. Apa ndiye pa loko penipeni.

Kachiwiri ndi pamene magudumu onse awiri akuterera pamodzi pa katondo wonyowa, dothi lofiira lija limasanduka therere mvula ikangowaza. Apa vuto ndi matayala. Ngati matayala anu ali mbee ngati chipumi, opanda mano, loko sangakuthandizeni. Mungokhala ndi magudumu awiri ovina m'malo mwa limodzi. Ndalama yoyamba ipite ku matayala a mano akuluakulu, ofanana saizi mbali zonse.

Kachitatu ndi pamene mimba ya galimoto yakhala pa mtumbira wa pakati pa msewu, umene malole a fodya ndi ngolo amasiya, kapena difu yeniyeniyo yamira m'makande a kudambo. Magudumu ali lendelende. Apa mankhwala ndi khasu, jeke, matabwa ndi miyala. Ngakhale mutaika maloko awiri, simuchoka.

Ngati mwa maulendo anu ambiri vuto limakhala loyamba lija, ndipo matayala anu ali bwino, pitirizani kuwerenga.

Kuwotcherera difu ndi kudzikumbira manda

Pali njira yachidule imene anyamata ena a m'magalaja amakonda: kutsegula difu n'kuwotcherera timagiya tija kuti tisasunthenso. N'zotchipa, ndipo pa matope galimoto imakokadi ngati thirakitala. Koma taganizani ulendo wanu. Kuchoka mu Lilongwe kukafika pa Mponela ndi makilomita oposa 50 a tara wa M1, popita ndi pobwera, ndipo pobwerapo muli ndi katundu. Malo oipa enieni amakhala mamita ochepa chabe: pa khwawa, pa chitunda, pa dambo. Mukawotcherera, mwamanga magudumu ulendo wonse chifukwa cha mamita ochepawo.

Pa tara, difu yowotcherera imapala matayala pa kona iliyonse. Galimoto imakana kukhota, imafuna kungopita kutsogolo. Mvula ikagwa, kumbuyo kumatha kutsetsereka mwadzidzidzi. Ndipo mphamvu yonse yopotokola imene matayala alephera kuitulutsa imathera mu mashafiti a magudumu, mpaka tsiku lina imodzi idzangoti thyoo, muli ndi matumba 20 m'bodi.

Alipo maloko ena odzimanga okha, monga Detroit Locker ndi Lock-Right. Amenewa amamanga mukaponda moto, n'kumasula gudumu lakunja pokhota. Ndi olimba ndipo safuna waya kapena paipi, koma amaganiza okha. Amalira kuti kha-kha-kha pa kona, nthawi zina amagwedeza galimoto, ndipo pa msewu woterera wopendekeka amamanga pamene inu simukufuna. Palinso difu ya LSD imene mapikapu ena anabwera nayo. Imeneyi imathandiza pang'ono ikakhala yatsopano, koma timbale take ta mkati timatha, ndipo pa galimoto ya zaka 25 kapena 30 nthawi zambiri imakhala itasanduka difu wamba.

N'chifukwa chake kwa munthu wa geni, woyenda tara wambiri ndi matope pang'ono, loko woyenera ndi wochita kumuuza: mukadina batani amanga, mukadinanso amasula, galimoto n'kubwerera mwakale.

Loko wa mpweya

Wotchuka kwambiri ndi Air Locker wa kampani ya ARB ya ku Australia. Kampaniyi inayamba mu 1975 ku Melbourne ndipo lokoyu yakhala ikumugulitsa kuyambira 1987. Kampani ya TJM, ya ku Australia komweko, ilinso ndi wake. Mukadina swichi, kompulesa imatumiza mpweya kudzera m'kapaipi mpaka mu difu, mpweyawo n'kukankha chitsulo chomanga magiya.

Ubwino wake ndi wakuti amamanga msanga, ndi wolimba, ndipo alipo wa mitundu yambiri ya ma ekiselo akale. Mukagula kompulesa yokulirapo, muzipoperanso matayala. Zimenezi n'zothandiza, chifukwa pa matope mutha kuphwetsako mpweya pang'ono kuti tayala ligwire bwino, n'kupopanso musanakwere tara. Koma funsani bwino pogula, popeza kakompulesa kakang'ono kwambiri n'ka loko yekha, si ka matayala.

Kuipa kwake ndi kuchuluka kwa zinthu zoti zingafe: kompulesa, mawaya, valavu, kapaipi kapulasitiki kodutsa pansi pa galimoto, ndi timalabala ta mkati mwa difu. Chitsa chikakola kapaipi, kapena kakagunda paipi ya utsi n'kusungunuka, mpweya wathawa, loko wamasuka. Paipi yakunja munthu atha kulumikiza pa msewu. Koma kalabala ka mkati kakayamba kutaya mpweya, ndiye kutsitsa difu yonse, ndipo kalabalako simukakapeza pa shopu ya pa Madisi. Ogula loko wa mpweya agulire limodzi timalabala tapadera ndi kapaipi kena, azisunga m'galimoto.

Loko wa magetsi

Uyu ndi ELocker wa kampani ya Eaton, yomwe inayambira ku America. Wokwana pa ma Toyota ambiri amapangidwa ndi kampani ya Harrop ya ku Australia. Mkati mwake muli maginito amene amagwira ntchito ndi magetsi a batire. Palibe kompulesa, palibe mpweya. Ndi mawaya awiri, fyuzi, rileyi ndi swichi basi.

Kwa munthu wa kuno, ubwino wake ndi woonekeratu. Waya akaduka, aliyense wodziwa magetsi a galimoto, kaya pa Mponela kaya pa boma la Ntchisi, alumikiza. Chofunika ndi kumanga wayayo bwino, kutali ndi zitsa ndi paipi ya utsi, ndi kumata pamene akulowera mu difu kuti madzi asalowe.

Koma dziwani khalidwe lake. Ambiri mwa maloko amenewa amafuna gudumu lizungulire pang'ono asanamange, ndipo ena amamasuka kanthawi kochepa mukasintha kuchoka kutsogolo kupita m'mbuyo. Dalaivala wokonda kugwedeza galimoto, kutsogolo, m'mbuyo, kutsogolo, moto uli pansi, amamuvulaza loko wotere. Amafunanso batire ndi alitaneta zamoyo.

Alipo maloko ena okoka ndi kebulo, ngati handibuleki, monga OX wa ku America. Nzeru yake ndi yosavuta, koma ambiri anapangidwira ma ekiselo a galimoto za ku America. Musaitanitse musanatsimikize kuti alipo wa ekiselo yanu.

Loko wa ku fakitale

Nayi njira imene ambiri amaiwala. Mapikapu ena anabadwa nacho kale chinthuchi. Ku South Africa, kumene Toyota imapangira Hilux ku Prospecton mu Durban, ndiponso kumene kunkapangidwa Hardbody ndi Isuzu KB, alimi amakonda difu loko, moti mapikapu ambiri a kumeneko anatuluka naye, ngakhale ena opanda folo wilo. Yang'anani pa dashibodi yanu. Mwina pali kabatani kojambulidwa magudumu anayi ndi chizindikiro cha X pakati pa akumbuyo, komwe mwini wakale anakuuzani kuti sikagwira ntchito. Nthawi zambiri chafa si loko, koma swichi, waya, kapena kapaipi.

Maloko ena a ku South Africa amayendera vakyumu, mphamvu yoyamwa mpweya imene pa galimoto ya dizilo imachokera ku kapampu, yomweyo imathandizanso mabuleki kuti asalimbe. Timapaipi take talabala tikakalamba timang'ambika. Kusintha timapaipi ndi ndalama ya sopo poyerekeza ndi kugula loko watsopano.

Nayo Toyota ya ku Japan inaika loko wa kamota ka magetsi pa ma Land Cruiser ena, ndi pa ena mwa ma Hilux Surf ndi Prado a pakati pa 1996 ndi 2002. Galimoto zimenezi zilipo zambiri zimene zinaphwasulidwa, choncho difu yotere imapezeka kwa ogulitsa masipeya akale. Koma samalani. Difu ya loko siingolowa mu ekiselo ya Hilux wamba ngati phazi mu nsapato. Pamafunika kusema chibowo, kuwotcherera ndi kuboola malo atsopano a mabawuti ena. Mukati mutenge ekiselo yathunthu ya Surf, kumbukirani kuti imeneyo imakhalira masipuling'i ozungulira pomwe pikapu yanu ili ndi masipuling'i amapale, ndiye pali ntchito ina yosintha zomangira. Kamota kakenso kamachita dzimbiri kakalowa madzi. Musalipire musanaone ndi maso anu kakumanga ndi kumasula atakalumikiza ku batire.

Tikati tilangize mwachindunji, ndondomeko yake ndi iyi. Ngati galimoto yanu ili ndi loko wa ku fakitale wakufa, dzutsani ameneyo. Ngati ilibe ndipo mukugula watsopano, wa magetsi ndiye wosavuta kusamala kutali ndi tauni. Wa mpweya ndi wa munthu amene amayang'anira yekha galimoto yake, wosunga masipeya, wofunanso kompulesa ya matayala.

Dzina la galimoto si dzina la ekiselo

Apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama. Munthu atuma m'bale wake wa ku Johannesburg kuti, ndigulireni loko wa Hilux. Katundu wafika pa Mwanza kapena pa Dedza, msonkho wa MRA walipidwa, makaniko watsegula difu, loko sakulowa. Kubweza n'kosatheka.

Chifukwa chake n'chakuti ma Hilux si amodzi. Yakale yopangidwa ku Japan, monga LN106 ija inapangidwa kuyambira 1988 mpaka 1997, ili ndi difu ya mainchesi 8 ndipo shafiti yake ili ndi timano 30 kunsonga. Koma mapikapu ena opangidwa ku South Africa anaikidwa ekiselo yopangidwa konko ndi kampani ya Gearmax, yosiyana mkati ndi ya ku Japan. Land Cruiser ili ndi difu yokulirapo. Kuwonjezera apo, galimoto ya zaka 30 yadutsa m'manja ambiri. Ndani akudziwa ngati ekiselo ili pansipo ndi yomwe inabadwa nayo?

Choncho musanaitanitse, makaniko asolole shafiti imodzi awerenge timano take, atsitse difu ayeze giya yaikulu ija ndi kuwerenga mabawuti ake. Lembani zonse pa pepala pamodzi ndi nambala ya chasisi, jambulani zithunzi pa foni, tumizani kwa wogulitsa. Iye atsimikize polemba kuti loko wakeyo ndi wa ekiselo imeneyo.

Chachiwiri ndi resho, kutanthauza kuti shafiti yaitali yochokera ku giyabokosi imazungulira kangati kuti gudumu lizungulire kamodzi. Loko watsopano amagwiritsa ntchito magiya anu omwewo, ndiye resho siisintha. Koma mukagula difu yathunthu yakale, imabwera ndi resho yake. Pa folo wilo, resho ya kutsogolo ndi ya kumbuyo ziyenera kufanana ndendende, apo ayi mukangoika folo wilo, mbali ziwirizi ziyamba kulimbana mpaka china chithyoke. Werengani mano: giya yaikulu ya mano 41 ndi yaing'ono ya mano 9 ndi resho ya 4.56; mano 39 ndi 8 ndi 4.88, mano 43 ndi 10 ndi 4.30, mano 41 ndi 10 ndi 4.10. Ma Toyota akale ali ndi zonsezi, ndipo kunja zimaoneka chimodzimodzi.

Mutha kuyeza nokha osatsegula. Pa malo athyathyathya, tsekerani magudumu akutsogolo ndi miyala, kwezani gudumu limodzi lakumbuyo, giya ikhale pa fili, handibuleki yomasula. Lembani choko pa tayala ndi pa shafiti yaitali ija. Zungulitsani tayala kawiri kathunthu mnzanu akuwerenga shafiti. Ikazungulira kanayi ndi theka, ndi 4.56. Ikatsala pang'ono kukwana kasanu, ndi 4.88. Izi zimatheka pa difu wamba. Ngati gudumu likukana kuzungulira, ndiye kuti muli ndi LSD yamoyo kapena wina anawotcherera kale. Musalowe pansi pa galimoto yokhalira jeke yekha, ikani zochirikiza.

Woika akhale mmisiri

Kuika loko si ntchito ya hamala ndi sipanala pansi pa mtengo wa mango. Giya yaikulu imachotsedwa n'kumangidwa pa loko, ndipo mpata wa pakati pa mano a magiya awiri aja uyenera kubwerera mmene unalili. Mpatawu ndi wochepa ngati kuonda kwa mapepala awiri, ndipo umayezedwa ndi geji ya wotchi. Ukalakwika, difu iyamba kulira ngati mfiti usiku, ndipo pakangopita miyezi mano atha.

Funsani makaniko mafunso atatu. Kodi geji yoyezera mpata muli nayo? Kodi sipanala yoyezera kulimba kwa mabawuti muli nayo? Kodi munaikapo loko wotere pa galimoto ya ndani, tikaione? Akayamba kuseka n'kumati ife timangomva ndi dzanja, tsanzikani mwaulemu.

Pomwe difu ili pansi, sinthiranitu mabering'i ndi masilo. Thirani oyilo watsopano wa magiya wa GL-5. Ndipo pamwamba pa ekiselo pali kabowo kopumira. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira a mumtsinje imayamwa madzi kudzera pamenepo, oyilo n'kusanduka ngati tiyi wamkaka. Lumikizani kapaipi pa kabowoko, kakwere m'mwamba pansi pa bodi. Ndi ntchito ya ndalama zochepa koma imapulumutsa loko wodula.

Adalaivala, tamverani

Loko amamangidwa musanalowe poipa, osati mutatitimira kale. Imani, kapena yendani ngati munthu wapansi. Toyota imalangiza kuti loko wake akamangidwa liwiro lisapitirire makilomita 8 pa ola. Musadine batani gudumu lili mkati movina. Kutero ndi kulumanitsa mano a chitsulo china chikuthamanga china chili chiimire, ndipo mudzamva kulira kwa ndalama zanu.

Mukamanga, ikani giya yotsika, moto wapang'onopang'ono, chiwongolero chilunjike. Mukangotuluka poipa, masulani. Akachedwa kumasuka, chotsani phazi pa moto, gwedezani chiwongolero pang'ono uku ndi uku. Pa tara musayende naye ngakhale pang'ono.

Chenjezo lalikulu ndi la m'mapiri. Misewu yambiri ya ku Ntchisi ndi yotsikira ku Mvera imadutsa m'mbali mwa phiri, uku khoma uku phompho, msewu utapendekera kuphompho. Pa difu wamba, gudumu limodzi likamavina, linzake loima lija limagwira ngati nangula, galimoto siitsetserekera m'mbali. Mukamanga loko n'kuponda moto, onse awiri amaterera limodzi ndipo kumbuyo konse kumapita chammbali, kulunjika kuphompho. Pa malo opendekeka oterera, loko akhale womasula pokhapokha palibiretu njira ina. Ngati pali anthu pamwamba pa katundu, atsike ayende pansi. Tomato amagulidwanso, munthu ayi.

Kumbukiraninso kuti loko sawonjezera mphamvu ya chitsulo. Pikapu zambiri zamtunduwu zinapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi, ndiwo matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo anthu okwera amawerengedwa momwemo. Loko akamanga gudumu lina lili m'malere, mphamvu yonse imadutsa mu shafiti imodzi, yomwenso yasenza katundu. Mukapakira matumba 35 n'kumadalira loko pa chitunda, mwasinthanitsa kutitimira kwa maola atatu ndi kugona kutchire masiku atatu kudikira shafiti yochokera ku Lilongwe.

Ndipo m'chilimwe musamuiwale. Kamodzi pa mwezi, pa msewu wafumbi, mangani ndi kumasula kangapo kuti asachite dzimbiri. Loko amene wagona kuyambira Epulo mpaka Disembala amakonda kukana tsiku lomwe mukumufuna.

Nanga masamu akuti bwanji?

Katunduyu ndi wakunja, wogulidwa ndi madola kapena marandi. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye musadalire mtengo umene mnzanu anagulira kale. Funsani mtengo wa lero, muphatikize thiransipoti, msonkho, mabering'i, oyilo ndi malipiro a mmisiri. Pa galimoto yotopa kwambiri, zonsezi pamodzi zitha kukhala gawo lalikulu la mtengo wa galimoto yeniyeniyo.

Kenaka tengani kope lanu la geni. Dzinja lapitali munatitimira kangati? Munalipira zingati okankha ndi a thirakitala? Madengu angati anawonongeka? Ndi maulendo angati amene munalephera kupita chifukwa choopa msewu, anzanu n'kukatenga katunduyo? Klatchi munasintha kangati chifukwa cholimbana ndi matope? Ngati ndalama imeneyi pa madzinja awiri kapena atatu ikuposa mtengo wa loko, gulani. Ngati mumangothera pa Mponela, pa Madisi kapena pa Chezi, m'mphepete mwa tara, alimi n'kumakubweretserani katundu pa ngolo ndi pa njinga, loko simukumufuna. Gulani matayala abwino, khasu, chingwe cholimba ndi jeke wamphamvu, yotsalayo muwonjezere mpamba.

Nanunso amayi amene mulibe galimoto koma mumasonkherana kuchita hayala, nkhaniyi ndi yanu, chifukwa katundu wowola ndi wanu, si wa mwini galimoto. Musanakwere, zungulirani pikapuyo muone mano a matayala akumbuyo. Funsani adalaivala ngati ili ndi difu loko, ndipo ngati ali wa batani kapena wowotcherera. Yowotcherera mudzaidziwa pokhota pang'onopang'ono pa depoti: matayala akumbuyo amalira n'kumadumphadumpha. Gwirizananinso musananyamuke kuti galimoto ikatitimira, olipira okankha ndani. Ndipo mwini galimoto akati matumba akwana, musamukakamize kuwonjezera ena asanu.

Mvula ikubwera, ndipo makwawa a ku Nthondo sasankha kuti uyu ndi wa ngongole uyu ndi wa mpamba wakewake. Pitani ku galaja mwezi uno, kusanaterere, mukaone chimene chili pansi pa galimoto yanu. Wakutsina khutu ndi mnansi.